LAISENSI YA WAILESI ISAKHALE CINGWE CA M'KHOSI

Abale ndi alongo a m'makomboni, ife amene tinagwirapo ukalaliki ku migodi tidziwa cinthu cimodzi. Munthu amene kontirakiti yace iri pafupi kutha sayankha kapitao. Ngakhale am'dule malipiro angoti "inde bwana", cifukwa pepala lace liri m'manja mwa wina. Nyumba za wailesi m'dziko lathu azimanga ndi cingwe comweco. Dzina lace ndi laisensi.

Kumbukirani bwino. Tinaponya voti pa 11 August 2016. Pa 22 August, mlandu wa cisankho uli ku khoti, bungwe la IBA loyang'anira mawailesi linatseka Muvi TV, Komboni Radio ndi Radio Itezhi Tezhi. Mu April 2020 bungwe lomwelo linalanda laisensi ya Prime TV. Poyamba anati afuna kusunga bata m'dziko. Pambuyo pace anati laisensiyo inali itatha kale. Anchito ace anakhala pa khonde miyezi 16. Koma cisankho ca pa 12 August 2021 citasintha Boma, laisensi inabwerera m'masiku owerengeka. Tifunsa: cinasintha n'ciani? Makina? Mlongoti? Iai! Anasintha ndi okhala pa mpando basi.

Ambiri anaomba m'manja tsiku lija, ndipo ifenso tinakondwa. Koma cenjerani. Cimene cabwera ndi cifundo ca bwana uyu cidzapita ndi mkwiyo wa bwana winayo.

Ife a kuno ku Chama tidziwa m'mene zinthu ziyendera Boma likasintha. Tinali a Eastern Province. Boma lolowa mu 2011 linatisamutsira ku Muchinga, ndipo lolowa mu 2021 linatibwezanso. Ngati malire a dziko asuntha motero, nanga kapepala ka laisensi? Kuno nyuzi za ku Lusaka zifika zitakalamba. Wailesi ndiyo itiuza mtengo wa mpunga, za madzi a Luangwa akasefukira, za njovu zikalowa m'minda, ndi za maliro a abale athu ogwira nchito kutali. Wotseka wailesi watseka makutu a mudzi wonse.

Cifukwa cace tinena izi, ndipo tinena kwa cipani ciri conse, cathu comwe:

Coyamba, zaka za laisensi zilembedwe m'lamulo ndi Nyumba ya Malamulo, zofanana kwa onse, wotamanda Boma ndi wodzudzula yemwe.

Caciwiri, tsiku la cisankho nlodziwika: Lacinai laciwiri la August zaka zisanu ziri zonse. Laisensi imene ikutha miyezi 6 cisankho cisanafike, kapena miyezi 6 citapita, ipitirire yokha kufikira fumbi litatsika. Boma loturuka lisalange nayo adani ace, ndipo lolowa lisalipire nayo abwenzi ace.

Cacitatu, akakana kukonzanso laisensi alembe cifukwa cace poyera, ndipo wailesi ipitirize kulankhula kufikira khoti litaweruza. Munthu sapacikidwa mlandu usanazengedwe.

Cacinai, anthu a m'bungwe loyang'anira asamasankhidwe ndi Nduna yokha. Lamulo la 2002 linaika komiti yopereka maina ao, koma mu 2010 anaicotsa. Kodi galu aluma dzanja lom'patsa nsima?

Ena adzati, "Nanga wailesi ikamafesa cidani pakati pa mitundu tiileke?" Iai, pitani nayo ku khoti, umboni uoneke. Koma musabisale kumbuyo kwa tsiku lotha laisensi ngati fisi kumbuyo kwa khola.

Pa nthawi ya Citaganya atsamunda anali kusankha okha zimene makolo athu amve pa wailesi ya ku Lusaka. Ufulu wa 1964 sitinaulandire kuti tisinthe cabe khungu la wogwira cingwe. Phungu wanu akabwera kudzapempha voti, m'funseni pamaso pa anthu: kodi lamulo limeneli mudzaliimira? Akayamba kukanda m'mutu, mwamva kale yankho lace.