Wina akamamira kunyanja, chigubu chimaposa foni

Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, maminibasi amadzaza ndi achinyamata olowera ku Senga Bay ku Salima, ena ku Cape Maclear ku Mangochi. Bando agula, power bank yadzaza, zakumwa zili mu cooler box. Koma tawafunsani kuti mnzawo akayamba kumira achita chiyani, angokusekani.

Nthawi ndiye imakhala yochepa. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuwonongeka, pomwe kuchoka pa boma la Salima kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20. Ngakhale ambulansi itanyamuka pompopompo, singafike m'mphindi zimenezo. Woyamba kuthandiza ndi inuyo amene muli pamchengapo, ndi asodzi omwe ali ndi bwato pafupi.

Womira sakuwa ngati m'mafilimu ayi. Amangoti mutu tumphu, kenako wamira, manja akupalasa, mawu osatuluka. Mukaona zotere, kuwani, ndipo lozani munthu mmodzi kuti athamangire asodzi, wina aimbire apolisi ndi kupeza galimoto. Mukangoti "wina aimbe foni", aliyense amayang'ana mnzake. Ndipo chonde, iyi si nthawi ya Facebook Live.

Musadumphiremo chimanjamanja. Munthu wamantha amakakamira aliyense womufikira, ndipo maliro amatha kukhala awiri. Muponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, kapena mupatsireni chingwe kaya nsungwi muli pouma.

Akafika kumtunda asakupuma, iwalani zomuzondotsa kapena kumufinya mimba kuti madzi atuluke. Mugonekeni chagada, muuzireni mpweya m'kamwa, kenako dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 30, kuuzira kawiri, osaleka mpaka thandizo lifike. Akatsitsimuka apitebe kuchipatala, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kuvutitsa patapita maola.

Koma udindowu usangogwera achinyamata okha. Eni malo ogona ndi achisangalalo amatilipiritsa pageti, amalemba DJ ndi alonda oyang'ana matikiti. Zingawavute bwanji kulemba munthu wodziwa kupulumutsa omira, ndi kukhoma chikwangwani cha manambala a polisi ndi chipatala chapafupi? Anyamata osambira ngati nsomba ali mbwee m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ambiri alibe ntchito. Makhonsolo a Salima, Mangochi ndi Nkhata Bay asamapereke chilolezo cha bizinesi kwa malo otere opanda wopulumutsa.