ZA PAKHOMO: Wailesi ikamalira ngati njuchi

Anthu ambiri ku Zóbuè, ku Mithete ndi ku Moatize ataya ndalama kwa okonza mawailesi chifukwa cha phokoso la "mmmm" lomveka pansi pa nyimbo. Wokonza amatsegula, osapeza vuto. Kunyumba njuchi zija zayambanso. Nthawi zambiri vuto limakhala m'mawaya a nyumba.

Magetsi a EDM, monganso a ESCOM ku Malawi, amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Kugwedezeka kumeneku kukalowerera m'njira ya mawu, mkuzamawu amakukuza pamodzi ndi nyimbo.

Kuno kumalire kuli vuto lakelake. Gumbagumba wogulidwa ku Mwanza kapena ku Blantyre amabwera ndi pulagi ya mano atatu, pomwe tomada zambiri za ku Mozambique zimalandira mano awiri obulungira. Ndiye mnyamata wa pakhomo amatenga mpeni, kudula pulagi, kulumikiza mawaya awiri, wachitatu wobiriwira ndi chikasu n'kuusiya lende. Ameneyo ndiye waya wa terra, wotaya magetsi osochera m'nthaka. Ukasowa, phokoso limayamba, ndipo chitsulo cha chipangizocho chikhoza kugwira munthu. Mwana wopanda nsapato, pa simenti yonyowa m'dzinja, ndiye ali pangozi kuposa onse.

Asanapite kwa wokonza, mwini wailesi ayambe wayesa ndi mabatire, pulagi itazulidwa. Phokoso likatha, ndiye kuti likubwera ndi magetsi. Kenaka abwezere pulagi, azule zingwe zochokera ku TV ndi ku DVD chimodzichimodzi uku akumvetsera. Zipangizo zolumikizana koma zodya m'tomada zosiyana zimakonda kung'ung'udza; kuziika pa tomada imodzi kumathandiza. Chingwe cha mawu chisapotane ndi cha magetsi. Azimitsenso mababu, azule firiji ndi machaja a foni. Machaja otchipa a pamsika, aja opepuka ngati chikho chouma, ndi akatswiri osokoneza wailesi. A sola akayikire inveta yawo.

Koma wailesi ikamalirabe ili yokha, voliyumu ili pansi, ngakhale ku nyumba ya mnansi, pamenepo wokonza ali ndi ntchito: kawirikawiri ndi kapasita yotopa ya mbali yolowera magetsi, ndipo kusintha kwake sikudula.

Ngati chitsulo cha wailesi chikuluma m'zala, kapena tomada ikutentha ndi kununkha pulasitiki, banja lizimitse magetsi onse pa kwaduru ndi kuitana mmisiri wodziwa ntchito. Iyeyo aone ngati nyumbayo ili ndi chitsulo chokhomedwa m'nthaka, ndiponso ngati waya wa terra ukufikadi pa tomada iliyonse. Za mita ya Credelec ndi nthambo zochokera pa polo n'za a EDM okha.