Ogula Akachepa, Mlimi Adziwa

Mu 2022 kampani ya Microsoft inafuna kugula Activision Blizzard, opanga masewero a pakompyuta, pa madola pafupifupi 69 biliyoni. Bungwe la ku Britain loyang'anira mpikisano pa malonda linakana mu April 2023. Linalola mu October, Microsoft itavomera kupereka kwa Ubisoft ufulu woseweretsa masewerowo pa intaneti.

Wina adzati, "Zonsezi chifukwa cha masewero a ana?" Koma mlimi wa fodya ku Mitundu ndi ku Nathenje sangafunse chotero, pakuti mu 2005 Dimon ndi Standard Commercial anaphatikizana nakhala Alliance One, ndipo opikisana pa okushoni anachepa.

Tsono bungwe lathu la Competition and Fair Trading Commission likachedwetsa malonda otere kuti lifufuze, inu aphunzitsi ndi antchito a Boma mufotokozere anthu chifukwa chake.