Kalasi yasanduka chikwangwani, ndalama ili pabwalo

Abale a m'gulu lino, sabata ino tiwoloke nyanja. Ena a inu mumagona mochedwa kuonera anyamata a m'mayunivesite a ku America akusewera basketball kapena mpira wawo uja wogundana atavala zisoti, n'kumati, "Koma ana a sukulu awa ali ndi mwayi!" Mwayi wake uti? Tiyeni tiwerenge kaye ndalama.

Mu 2016, CBS ndi Turner anavomera kulipira bungwe la NCAA madola 8.8 biliyoni kuti apitirize kuulutsa mpikisano wa basketball wa March Madness mpaka 2032. Mu 2023, yunivesite ya Texas A&M inachotsa kochi Jimbo Fisher chifukwa timu sinkapambana mokwanira, n'kumulonjeza madola oposa 75 miliyoni. Munthu kulipidwa chuma chonsecho kuti angokhala kunyumba! Ndiye mundiuze kuti pamenepa bwana ndi pulofesa?

Ndalama ikalamula, ngakhale mapu amapindika. Mu 2024, USC ndi UCLA za ku Los Angeles zinalowa ligi ya Big Ten potsatira ndalama za pa TV. Tsopano wophunzira amakwera ndege kudutsa dziko lonse kukasewera ndi Rutgers ku New Jersey, ulendo wa makilomita pafupifupi 4,000. Mawa lake m'kalasi akamva chiyani, kupatula kusinza?

Chochititsa manyazi kwambiri chinachitika ku North Carolina. Lipoti la Kenneth Wainstein la 2014 linapeza kuti kwa zaka 18, ophunzira pafupifupi 3,100, theka lawo pafupifupi osewera, ankalembetsa makosi opanda mphunzitsi woima kutsogolo. Ungopereka pepala limodzi, magiredi abwino atuluka, ukasewere. Mu 2017 NCAA inati palibe chilango. Basi, nkhani inathera pompo.

Mwina mukuti, "Komatu pano osewera akulipidwa." Zoona. Kuyambira 2021 amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, ndipo kuyambira 2025 sukulu ikhoza kuwagawira ndalama; m'chaka choyamba malire ake anali madola 20.5 miliyoni. Ine sindikudandaula nazo. Wogwira ntchito adye thukuta lake. Kwa zaka zambirimbiri makochi ankalemera pamene wothyoka bondo ankauzidwa kuti malipiro ake ndi maphunziro. Koma maphunziro akewo ndi aja a ku North Carolina! Ndipo mwa osewera 100 alionse, osakwana awiri ndi amene amafika ku NFL kapena NBA. Enawo mpira ukatha amatsala ndi chiyani m'mutu?

Musaloze chala makochi okha. Bwalo la Michigan limalowa anthu oposa 107,000, ndipo anthu amenewo sabwera kudzafunsa ngati mnyamata wakhoza mayeso. Amafuna chipambano Loweruka lililonse. Timu ikagonja kawiri, kochi achoke. Olemera amene anaphunzira pomwepo amasonkha ndalama zogulira wosewera wina. Ochemerera ndi amene amasonkhezera moto, akuluakulu a yunivesite amangowotha. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsono inu wokonda mabuku, mukadzaoneranso masewerawa, sangalalani ndithu, luso lilipo. Koma musawatche masewera a ana a sukulu. Ndi bizinesi, ndipo yunivesite imene ikufuna kukhala kalabu inene poyera, ilembe osewera ntchito, isiye kubisala kuseri kwa bolodi ndi choko.