Thupi la mwana si choseketsa m'kalasi

Ku posto ya Chidzolomondo, m'distrito la Macanga, ngakhalenso kumapiri ozizira a Tsangano, tikafunsa chifukwa chimene ana amasiyira sukulu, mayankho timawadziwa kale: mtunda wautali, njala, ndi ntchito ya m'minda ya fodya ndi mbatatesi. Zonsezi n'zoona. Koma chilipo chifukwa china chimene sitichitchula, ndicho chipongwe chonyoza thupi la mwana.

Mnyamata woonda anzake amamunena kuti ali ndi kachirombo. Wamfupi wa zaka 15 amamutcha kamwana. Mtsikana wonenepa, kapena amene wakula msanga, amamuuza kuti malo ake ndi kubanja. Nthawi zina woyambitsa chiseko ndi mphunzitsi amene, ndipo dzina limene iye wapereka ana amalitola n'kukafika nalo kumudzi.

Abale, mwana sasankha thupi. Kafukufuku wa boma wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti m'Mozambique ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira chifukwa choperewera zakudya. Anawa akadzafika kalasi 7 ali aafupi ife n'kuwaseka, tidzakhala tikuseka njala imene sanaiitane okha.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la OMS likuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo. Vutoli silitenthetsa thupi ngati malungo. Mwana amangokhala duu kumbuyo kwa kalasi, amakana nsima, amadandaula mutu m'mawa uliwonse, mapeto ake osapitanso.

Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo la 2019 likuletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Koma lamulo palokha silingabwezere mwana m'chipinda chimene amachitiramo manyazi.

Tikupempha akulu a sukulu kuti aletse mayina onyoza, kuyambira kwa aphunzitsi. Makonselyo a sukulu, mafumu ndi anyakwawa aikambe nkhaniyi pamisonkhano. Inu makolo, mwana akayamba kukana sukulu, musathamangire chikoti: mufunseni, ndipo ngati akuonda mupite naye kuchipatala. Mwana amene akuzunzidwa angathenso kuimba ulere pa 116, Linha Fala Criança.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene akusekedwa lero m'kalasi ndi wathu tonse.