Mpando wa Dungeon Master si ufumu wapamtundu

Ndiyambe ndi inu awerengi amene simunaonepo masewera a Dungeons & Dragons. Si bawo ayi, ndiponso si juga ngakhale pamakhala madayisi. Anthu anayi kapena asanu amazungulira tebulo, aliyense ndi pepala lofotokoza munthu wake wongopeka: wankhondo, wamatsenga, mbala kapena wansembe. Ndiye pamakhala mmodzi woyendetsa nkhani, amene amamutcha Dungeon Master, m'masewera ena amati game master. Iyeyu ali ngati agogo pa nthano, kungoti omvera ake sathera poyankha kuti "tili tonse". Amalowa m'nthanomo, n'kunena chomwe akufuna kuchita, ndipo dayisi ya mbali 20 imagamula ngati chatheka kapena chakanika.

Tsono chandiwawa ndi ichi. Mwezi wathawu, pa sitolo ina ya masewerawa ku Johannesburg komwe ndimapita Loweruka, mtsikana wina anakhala pampandowu koyamba. Anakonzekera masabata awiri: mapu ojambula pamanja, mayina a midzi, mpaka nthabwala za mwini bala wa m'nkhanimo. Mphindi 20 zisanathe, bambo wina wandevu zaimvi anali atamudula mawu kanayi. Ati lamulo silitero. Ati kodi bukulo analiwerenga lonse? Ati m'masiku awo zoterezi kunalibe. Mtsikanayo anamaliza mawu akunjenjemera, n'kulongedza mapepala ake. Loweruka lotsatira sanabwerenso. Ine ndinalipo, ndipo ndinangoti duu ngati chitsa. Manyazi ake ndi amene andigwiritsa cholembera.

Chodabwitsa n'chakuti bambo omwewo ndiwo amatsogolera kudandaula kuti masiku ano oyendetsa masewera akusowa. Zoona abale? Kuthira mchenga m'nsima kenako n'kumalira njala?

A bambo, tiyeni tikumbutsane mbiri imene mumainyadirayo. Masewerawa anatuluka mu 1974, ntchito ya Gary Gygax ndi Dave Arneson, pansi pa kampani ya TSR ku Lake Geneva, Wisconsin. Tinali timabuku titatu m'kabokosi, makope 1,000 okha. Malamulo ake anali ndi mipata yambiri moti gulu lililonse linkadzazamo nzeru zake. Arneson poyambitsa Blackmoor ndi anzake ku Minnesota anali mnyamata wa zaka za m'ma 20, ndipo panalibe munthu womufunsa satifiketi. Oyendetsa onse a nthawi imeneyo anali ophunzira, amangopapasa. Nanga inu munabadwa ndi dayisi m'manja?

N'zoona, mtima wotsekera ena kunja nawo ndi wakale. Buku la Dungeon Masters Guide la 1979 linkanena m'mawu ake oyamba kuti ndi la woyendetsa yekha, osewera asalisuzumire. Koma chinsinsi chili ndi malo ake, kudambwe ndi kutsimba, osati patebulo la masewera. Ndipo TSR yomweyo inkadziwa kuti popanda atsopano malonda afa. N'chifukwa chake mu 1977 inatulutsa Basic Set yokonzedwa ndi J. Eric Holmes, ndipo mu 1983 bokosi lofiira la Frank Mentzer, lomwe linkaphunzitsa munthu posewera yekha asanaitane anzake. Wizards of the Coast, imene inagula TSR mu 1997, inayambanso ndi Starter Set potulutsa malamulo atsopano mu 2014. Eni ake akutsekula chitseko, inu alonda osalembedwa ntchito mukuchitseka. Anakutumani ndani?

Achinyamata nanunso musaombe m'manja, mlandu ukukukhudzani. Chiyambire 2015 anthu akhala akuonera Critical Role pa intaneti, pomwe Matthew Mercer ankayendetsa masewera. Mercer ndi katswiri wosintha mawu m'makatuni ndi m'masewera a pakompyuta, ndiyo ntchito imene amadyera, ndipo anzake patebulopo ndi akatswiri okhaokha. Ndiye wina akaonera zimenezo amabwera kudzakwinya nkhope chifukwa mnzake, amene wangoweruka kuntchito, sakutha kulankhula ngati chinjoka. Kumeneko n'kuuza mwana wa mpira wachikulunga kuti agoletse ngati Kinnah Phiri, apo ayi achoke m'bwalo.

Ndikudziwa chomwe muyankhe. Muti malamulo ndi malamulo, ndipo woyendetsa wosadziwa amaonongera anthu maola anayi a Loweruka lawo. Pamenepo sindikutsutsani kwenikweni. Malamulo amateteza osewera kuti wina asakonderedwe, ndipo masewera ozizira amatopetsadi. Koma mabuku omwewo amati patebulo mawu omaliza ndi a woyendetsa. Akalakwitsa lamulo, palibe wafa. Lembani papepala, mumuuze pambali masewera akatha, mwaulemu, mutayamba mwamuthokoza. Akakufunsani pakati pa masewera, yankhani mwachidule n'kukhala chete. Kudziwa kwanu kukhale ndodo yoti ayedzamire, osati chikoti.

Ndipo werengani masamu ake. Tebulo lililonse limafuna woyendetsa mmodzi pa osewera anayi kapena asanu. Osewera ndi ambirimbiri, koma ofuna kusenza ntchito yokonzekera, yosalipidwa n'komwe, ndi ochepa. Mukathamangitsa mmodzi mwamana masewera anthu asanu, pamodzi ndi ena onse amene akanadzaphunzira kwa iyeyo. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza n'kalumo kakuthwa. Mtsikana uja anabwera ndi nkhani ya mudzi womwe mfumu yake inagulitsa mtsinje kwa chinjoka. Pa zaka zonse zomwe ndasewera, yotero ndinali ndisanaimvepo, ndipo mathero ake sitinawaone.

Ine ndamutumizira uthenga wopepesa chifukwa cha kukhala chete kwanga, ndamupemphanso kuti adzamalize nkhani yake. Sanayankhe, ndipo sindikumuimba mlandu. Akavomera, ndidzakhala patebulopo. A bambo andevu, mukhoza kubwera nanu, mpando ulipo. Koma bukulo likhale m'chikwama, ndipo mukadzamudulanso mawu, ulendo uno ndidzayankha ndine.