Tisabise ana olemala, nawonso ali ndi mpikisano wao

Zaka ziwiri zilizonse maiko khumi a kuno kum'mwera kwa Africa amasonkhanitsa acinyamata ao osapitirira zaka 20 ku masewera ochedwa Region 5 Youth Games. Mzinda wa Lusaka unalandira masewerawa mu Disembala 2012, pamene anali kuchedwa Zone Six. Lilongwe inawalandira mu 2022, ndipo Namibia mu 2025.

Ambiri tikamva za masewerawa timaganiza za mpira wa miyendo ndi nkhonya cabe. Koma pamndandanda palinso mpikisano wothamanga wa anyamata ndi atsikana osaona ndi oona movutikira.

Mpikisano umenewu uli ndi malamulo ake. Wosaona konse, wa gulu la T11, amathamanga ndi womtsogolera atagwirana kacingwe kudzanja. Wotsogolerayo saloledwa kumkoka kapena kuyamba iye kudutsa mzere womaliza. Woonako pang'ono, wa gulu la T13, amathamanga yekha.

M'gulu la T13 limeneli ndimo munathamanga Monica Munga wa ku Chipata, mtsikana wacialubino, pamene anaimira Zambia pa mtunda wa mamita 400 ku masewera a Paralympics ku Tokyo mu 2021. Iye anali yekha wonyamula mbendera yathu kumeneko.

Nanga m'dziko lonseli munali Monica mmodzi yekha? Iai. Ena ali m'midzi mwathu, koma sanafikepo pabwalo. Osankha ocita masewera amawapeza kusukulu, ndipo mwana amene makolo amamtsekera m'nyumba popita kumunda sangaonedwe ndi mphunzitsi aliyense. Pali makolo ena amene amacita manyazi, ena amati kulemala ndi ufiti kapena cilango ca macimo. Akhristu tidziwa kuti mu Uthenga wa Yohane mutu 9 Ambuye Yesu anakana maganizo otere pa nkhani ya munthu wobadwa wosaona.

Lamulo la dziko nalonso lili kumbali ya anawa. Lamulo la anthu olemala la mu 2012 limaletsa kuwasankha pa maphunziro, ndipo kuyambira mu 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, kuli sukulu ya osaona imene inayamba mu 1905. Tsono cowiringula cathu n'ciani?

M'mera mpoyamba. Mlimi amene sanasamale nazale sayembekezera fodya wabwino, ndipo dziko limene silisamala ana aang'ono silingayembekezere mendulo.

Tipempha zinthu zitatu. Coyamba, miphakati iyendere mabanja ndi kudziwa ana olemala amene sali pasukulu, ndi kuthandiza makolo kukawalembetsa. Caciwiri, maparishi ndi mafumu amene amakonza mipikisano ya mpira tikatha kukolola aikepo mpikisano wothamanga wa anawa. Kacingwe ndi mnzake wothamanga naye sizifuna ndalama, ndipo mwana wacialubino angofunika cisote, malaya a manja aatali ndi nthawi ya m'mawa dzuwa lisanawawe. Cacitatu, boma litumize aphunzitsi a masewera m'maboma akumidzi, popeza si mwana aliyense angafike ku bwalo la OYDC ku Lusaka.

Sikuti mwana aliyense adzakwera ndeke. Koma amene wathamanga pamaso pa mudzi wonse, anthu namuombera m'manja, sadzabwereranso kuseri kwa citseko. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makolo, tsegulani zitseko.